Apilo munapambana, koma ndalama za mlandu sizikubwera

Bambo, mwalemba kuti munapambana mlandu wa malo ku Khoti Lalikulu, mnzanuyo n'kuchita apilo, ndipo Khoti la Suprimu linakana apiloyo n'kulamula kuti akubwezereni ndalama zimene munawononga pa mlandu. Papita miyezi 8 osalandira ngakhale tambala, ndipo achibale akukukakamizani kuti mupite ndi chigamulocho kupolisi. Apolisi alibe gawo pa ngongole yotere, ndipo achibalewo akadachita bwino kukuthandizani kufunafuna malisiti.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'kalata yanu simunatchule bill of costs, womwe ndi mndandanda wa ndalama zimene munawononga pa mlandu. Oweruza akalamula kuti wogonja alipire ndalama za mlandu, nthawi zambiri satchula kuti ndi zingati, choncho chimene muli nacho m'manja ndi ufulu wolipidwa, koma ngongole yokhala ndi chiwerengero sinabadwe. Ngati simunagwirizane ndi mnzanuyo pa chiwerengero, loya wanu ayenera kulemba mndandanda wa ntchito yonse imene inagwiridwa, monga makalata, masiku okaonekera kukhoti, ulendo ndi ndalama zolembetsera zikalata, n'kuupereka kukhoti komanso kwa mbali inayo, kenako Rejisitala, mkulu wa kukhoti amene amawerengera ndalamazi, amamva mbali zonse asanagamule chiwerengero. Popanda zimenezi Sherifu, wa kukhoti wolanda katundu wa angongole, sanganyamule ngakhale mpando wa munthu. Malamulo oyendetsera milandu ku Khoti Lalikulu a 2017 amapereka miyezi itatu yokha kuchokera tsiku la lamulolo kuti mndandandawu uperekedwe, ndipo apa m'pamene anthu ambiri opambana amagwera, chifukwa amakhala kunyumba n'kumadikira kuti wogonja abwere yekha ndi cheke. Ngati nthawiyi yakudutsani, mungapemphe khoti kuti liiwonjezere, koma muyenera kulumbira n'kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo sindingakulonjezeni kuti pempholo lidzavomerezedwa kapena kuti ndalamazo sizidzadulidwa.

Werenganinso mzere womaliza wa chigamulo cha apilo. Kodi ukunena za ndalama za apilo yokha, kapena ukuphatikizanso za ku Khoti Lalikulu? Ntchito ya makhoti awiriwa imawerengedwa payokhapayokha, ndipo wina amatha kulondola mbali imodzi n'kuiwala inayo. Musayembekezerenso kuti adzakubwezerani zonse zimene munalipira loya, pakuti Rejisitala amalola zokhazo zimene akuziona kuti zinali zoyenera pa mlanduwo.

Ngati mndandanda unaperekedwa kale koma tsiku lokaonekera kwa Rejisitala silikutuluka, mwina mwamva kale yankho lotopetsa lija lakuti fayilo sikuoneka. Musakangane ndi kalaliki pawindo. Lemberani Rejisitala kalata yokhala ndi nambala ya mlandu, adinde kope lanu, ndipo musunge makope a zikalata zonse kuti fayilo ikasowadi pakhale poyambira.

Chiwerengero chikatuluka, mnzanuyo alembedwe kalata yomupatsa masiku olipirira. Akapanda kulipira, pemphani lamulo lakuti Sherifu alande katundu wake n'kumugulitsa, kapena lamulo logwira ndalama zake kubanki ngati mukudziwa kumene amasunga. Yambani mwafufuza ngati galimoto kapena nyumbayo ilidi m'dzina lake, chifukwa katundu wa mkazi wake kapena wa kampani ina angakubweretsereni mlandu watsopano. Sabata ino pitani kwa loya wanu, mukamufunse tsiku limene bill of costs inaperekedwa, ndipo akuonetseni kope lodindidwa ndi khoti.