Madzi a m'damu asanduka thobwa, nditani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji, amene anakumba damu la nsomba kumunsi kwa munda wake chaka chatha. Akuti: "Damu langa ndi la mamita 20 mulitali, 10 mulifupi, ndipo muli makumba. Chiyambireni mvula madzi angoti psuu ngati thobwa, gaga nsomba sizikudya monga kale. Ena akuti ndiphwetse damu ndilowetse madzi ena, ena akuti ndithire mankhwala aja timathira m'madzi akumwa. Nditani kuti madzi ayere?"

Bambo, za mankhwala a klorini a m'madzi akumwawo musayerekeze n'komwe. Amapha tizilombo m'ndowa, m'damu apha nsomba zanu, ndipo matope adzangokhala momwemo. Kuphwetsa damu mvula ili mkati n'kudzivutitsanso chabe, poti madzi olowetsawo achokera mumtsinje womwewo wofiirawo.

Komanso mawu oti "ayere" wo sindikugwirizana nawo. Madzi oyera mbee, oti n'kumaona pansi, ndi madzi a njala, ndiponso amaonetsa nsomba kwa kakowa ndi nantchengwa. Makumba amadya ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi, zomwe zimapangitsa damu kuoneka biriwiri. Nderezi zimafuna dzuwa. Matope akatchinga dzuwa sizimera, chakudya chimasowa, mpweya umene zimatulutsa masana umachepa, ndipo nsomba zimangokhala zokwinimbira. Tikufuna kuchoka pa kufiira kupita pa kubiriwira. Poyeza, pisani mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamazimiririka chapomwepo, pa masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, madzi ali obiriwira, damu lili bwino. Chikasowa mutangomiza dzanja, madzi ali ofiira, ndiye vuto lanuli.

Musanagule kanthu kalikonse, tengani botolo loonekera mkati, mutunge madzi a m'damu, mutseke, muliyike pawindo masiku awiri osaligwedeza. Botololi likuuzani matenda ake.

Mukapeza matope adikha pansi, pamwamba pali poyera, dziwani kuti dothi lanu lilibe mlandu. Pali china chake chimene chikuvundula madzi tsiku ndi tsiku, kapena matope atsopano akulowabe. Apa mankhwala ndi kutaya ndalama. Ine zinandionekera. Chaka china ndinathira laimu kawiri konse, madzi osasintha. Tsiku lokolola, titakoka khoka komaliza, tinapeza milamba itatu yonenepa ngati ntchafu ya mwana, ikuphiriphitha m'matope. Sindinayiyikemo ine, inalowa ili ing'onoing'ono kudzera mu ngalande, chifukwa paipi yolowetsa madzi inalibe sefa. Mlamba umakhalira kufukula pansi. Abakha nawonso, ng'ombe zomwera m'mphepete, ana osambira, onsewa ndi ovundula.

Koma poti mwati damu lili kumunsi kwa munda, ndikukayikira madzi othamanga. Mvula ikadzagwa, valani jombo mupite mukayime pomwepo, muone kumene madzi ofiira akulowera. Kumbani ngalande kumtunda kwa damu yoti izipatutsa madziwo kuti adutse m'mbali. Makoma a damu akhale okwera kuposa nthaka yozungulira, ndipo asakhale ambulanda: dzalanipo kapinga, ndi mzere wa vetiva kumtunda kwake. Pa ngalande yolowetsa madzi kumbanipo kadzenje kotakasuka koti madzi aziyamba apumapo, matope n'kutsala, ndipo mtsinje ukafiira tsekani kaye mpaka udikhe. Ntchito imeneyi ndi ya khasu basi, koma ndi imene imathetsa vutoli m'madamu ambiri.

Tsono botolo lija likakhalabe lofiira masiku awiri atatha, nkhani ndi dongo. Katondo ndi makande ali ndi tinthu tosalala kwambiri kuposa ufa woyera, ndipo timakankhana tokhatokha m'madzi, n'chifukwa chake sitimira ngakhale patapita masabata. Pafunika chinthu choti chitigwirizanitse tikhale timibulu tolemera.

Chotsika mtengo ndi manyowa ndi udzu wouma. Mangani kakhola ka nsungwi pangodya imodzi ya damu, muyikemo mitolo iwiri ya udzu ndi zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi. Zikamawola zimathandiza kuti dongo litsike, kenako zimadyetsa ndere zija. N'zochedwa, musayembekezere kusintha mawa lomweli. Ndipo musachite kukhuthula ngolo yonse, chifukwa zowola zimadya mpweya. Muzilawira mbandakucha kukaona: nsomba zikamayasamula pamwamba pa madzi, mwachulutsa, vuulani zina.

Laimu wa kumunda, uja amathira m'dothi, amathandizanso, makamaka pomwe madzi ali owawasa. Pa damu lanu makilogalamu 20 mpaka 40 ndi okwanira, owazidwa paliponse. Musamusokoneze ndi laimu wopaka nyumba, amene ndi waukali ndipo atha kuwotcha nsomba. Phulusa la pamoto limagwirako ntchito yomweyo, bola pang'onopang'ono.

Mukafuna zachangu pali jipisamu ndi alamu, mankhwala a ufa kapena timiyala amene amagwirizanitsa tinthu ta dongo tija. Damu lanu, ngati lili lakuya pafupifupi mita imodzi, muli malita 200,000. Jipisamu amafunika wambiri, magalamu 100 mpaka 300 pa malita 1,000 aliwonse, ndiye kuti makilogalamu 20 mpaka 60, koma ndi wofatsa kwa nsomba. Alamu, yemwe amagwiritsidwanso ntchito poyeretsa madzi a m'mipopi, amafunika wochepa, magalamu 15 mpaka 25 pa malita 1,000, kapena kuti makilogalamu 3 mpaka 5, ndipo amadikhitsa matope tsiku lomwelo. Kuipa kwake amawawasitsa madzi mwadzidzidzi, moti popanda laimu woti abweze, nsomba zitha kufa. Ine alamu sindilangiza munthu amene alibe choyezera madzi. Ngati mwatsimikiza, pitani kaye kwa mlangizi wa za nsomba wa m'boma lanu, kapena funsani a ku National Aquaculture Centre ku Domasi. Chilichonse mwa ziwirizi, jipisamu kapena alamu, yambani mwayesa m'ndowa za malita 20, milingo yosiyana, musankhe mlingo wochepetsetsa umene wadikhitsa madzi pofika m'mawa. Sungunulani m'madzi musanawaze.

Wina akuuzani za njere za chammwamba. N'zoona, zosinja zimadikhitsa matope, ndipo zinayesedwapo pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo. Koma zokwanira damu lonse mungasinje mpaka mtondo kung'aluka. Zisiyireni ndowa ya kukhitchini.

Pakadali pano chepetsani gaga. Nsomba zikapanda kudya, gagayo amangowolera pansi n'kumatha mpweya. Thirani pang'ono pamalo amodzi, dzuwa litakwera, muone ngati zamaliza musanawonjezere. Ndipo Lachisanu munditumizire chithunzi cha botolo lija, pamodzi ndi cha khoma la kumtunda mvula itangokata.