Musayambe mwaiyatsa Master League ya malemu akulu anu

Mwa makalata amene afika pa imelo sabata ino, imodzi siingadikire. Walemba ndi mnyamata amene akulu ake anamwalira chaka chatha. Pogawana katundu wa malemu, iye anangotenga makina a magemu a PlayStation 2 (PS2) akale, disiki ya gemu ya mpira ya Pro Evolution Soccer 6 (PES 6), ndi ka memory card komwe kali ndi Master League imene awiriwa ankasewera kuyambira ali kupulayimale. Abale akuti agulitse, n'zachibwana zimenezo. Ndiye akufunsa kuti kodi ndi misala kulirira gemu, nanga aiyatse kuti apitirize pomwe akulu ake analekezera?

Achimwene, pepani ndi zovutazi. Si misala ayi. Koma chonde musaiyatse kaye, ndipo kadiko musakalowetse m'makina aliwonse mpaka mutawerenga zonsezi, chifukwa mpira umodzi wokha mutasewera lero ukhoza kufufuta chinthu chimene palibe angakubwezereni.

Amene sanaseweko PES 6 sangamvetse chimene chili m'kadimo. Gemuyi inatuluka mu 2006 kuchokera ku kampani ya Konami ya ku Japan. Master League yake, gawo limene umayendetsa timu yako nyengo ndi nyengo, imakuyambitsa mu ligi yachiwiri ndi osewera ongopeka, osauka luso: Ivarov pagolo, Valeny ndi Stremer kumbuyo, Espimas ndi Ximelez m'mbali, Minanda pakati, Castolo ndi Ordaz kutsogolo. Ukapambana umalandira mapointi, ndipo mapointi omwewo ndi amene umalipira malipiro a osewera n'kugulira ena. Akakuperewera pakutha pa nyengo, masewera athera pompo. Osewera amakula, amafika pachimake, mphamvu zimatha, amapuma, kenako amabadwanso ngati anyamata achichepere oti uwalerenso. Choncho timu imene yakhala nyengo 10 kapena 15 ilibe inzake padziko lonse. Muli zisankho za munthu mmodzi, mazanamazana: amene anamugulitsa atakwiya, amene anamusunga ngakhale miyendo itatha chifukwa chomukonda, kaimidwe ka timu, womenya mapenote, ngakhale dzina la timuyo ndi mtundu wa yunifomu. Popeza Konami inalibe chilolezo cha matimu ambiri, Liverpool inkatchedwa Merseyside Red, ndipo anthu ankakhala usiku wonse mu Edit, gawo losinthira zinthu m'gemuyo, akukonza maina chilembo ndi chilembo, ena n'kupangiramo Bullets ndi Wanderers, ena timu ya m'dera lawo yokhala ndi maina a anzawo a pamsewu. Zonsezo ndi ntchito ya manja a akulu anu, chimodzimodzi kalata yolemba pamanja.

Ndipo ngati anali ngati ena onse a nthawi imeneyo, mwina m'timumo muli Adriano wa Inter Milan, amene mphamvu ya shoti yake m'gemuyo inali 99, yapamwamba kwambiri. Ana ankakangana asanayambe mpira kuti Inter asatenge aliyense. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti pomwe gemuyo imatuluka, Adriano weniweni anali atayamba kale kugwa. Bambo ake anamwalira mu Ogasiti 2004, patangopita masiku ochepa iye atathandiza Brazil kutenga Copa América, ndipo mwiniwake wanenapo poyera kuti chisoni chimenecho chinamulowetsa m'mowa. M'disiki yanuyo akadali mnyamata wa mwendo wamanzere woopsa uja, sanakalambe ndipo sadzakalamba.

Mukafunsa anthu za gemu imene inakhudza moyo wawo kwambiri, kawirikawiri satchula yokongola kuposa zonse. Amatchula imene ankasewera ndi winawake. Mu 2014 mnyamata wina analemba pansi pa kanema pa YouTube kuti bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo kwa zaka 10 sanawakhudze makina awo a magemu a Xbox. Atayatsa gemu ya mpikisano wa magalimoto ya RalliSport Challenge, anapeza kuti makinawo anasunga ulendo wothamanga kwambiri wa bambo ake ngati galimoto yooneka mbuu, imene amaitcha ghost, yothamanga nawe limodzi pamsewu. Anapikisana nayo mpaka tsiku lina anaipitirira, koma atafika pafupi ndi mzere womaliza anaima, chifukwa akanawoloka, nthawi yake ikanalowa m'malo mwa ya bambo ake ndipo galimotoyo ikanafufutika. Mwanayo anamvetsa zimene ndikukuuzanizi: makina sadziwa kuti mwini wake anamwalira, amangolemba chatsopano pamwamba pa chakale.

Palinso Mats Steen wa ku Oslo ku Norway, amene anabadwa ndi matenda ofoola minofu otchedwa Duchenne ndipo anamwalira mu Novembala 2014 ali ndi zaka 25. Makolo ake ankadandaula kuti mwana wawo wakhala moyo wopanda anzake, pa njinga ya olumala, maso ali pa kompyuta. Atalengeza za imfa yake pa intaneti, makalata anayamba kufika kuchokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya. Mu gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft iye ankatchedwa Ibelin, wa gulu lotchedwa Starlight, ndipo anthu analemba mmene anawalangizira pa mavuto a m'banja ndi a mumtima. Ena anakwera ndege kudzakhala nawo pamaliro. Eni gemuyo, a Blizzard, anamuikira chiliza m'kati mwa gemu momwemo, m'nkhalango ya Elwynn.

Ndiye mawu akuti n'zachibwana amandipweteka, ndipo sindiwavomereza ngakhale pang'ono. Malemu akasiya wailesi, jekete kapena Baibulo lolembalemba m'mphepete, palibe amene amauza wamasiye kuti gulitsa. Bawo la agogo timalisunga, ndipo tikalitenga timakumbukira mmene ankatapira nkhomo. Kusiyana kwake n'kotani? Anyamata amene anakulira m'matauni athu m'zaka za m'ma 2000 ambiri analibe makina kunyumba. Ankasonkha makobidi n'kukalipira mpira umodzi m'kachipinda ka pamsika kokhala ndi benchi ndi TV imodzi, wogonja n'kupereka padi kwa wotsatira. Kwa mabanja ochepa amene anali ndi makina awoawo, mkulu ndi mng'ono ankakhala pa mkeka umodzi maola ambiri, ndipo amuna ambiri amene sadziwa kuuzana kuti ndimakukonda anauzana zimenezo popatsirana mpira. Amene akuti mugulitse akuwerengera mtengo wa pulasitiki. Ngati vuto ndi ndalama, makinawo akhoza kugulitsidwa tsiku lina, poti Sony inagulitsa oposa 150 miliyoni ndipo ena mudzawapeza. Kadiko ayi.

Ndipo muli ndi mwayi umene ana a lero sadzakhala nawo. PS2 imasunga zonse m'manja mwanu, siifuna intaneti kapena akaunti. Magemu ambiri atsopano amakhala pa makompyuta a kampani, ndipo kampani ikatopa nawo imangozimitsa. Kampani ya Ubisoft inatseka gemu ya magalimoto ya The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, ndipo ngakhale amene anagula disiki anatsala ndi chimbale chosagwira ntchito. Google inatseka Stadia, njira yake yosewerera magemu pa intaneti, mu Januwale 2023. Konami yomweyo inasiya dzina la PES mu 2021 n'kutulutsa eFootball yopanda Master League. Mwana amene akusewera ndi mkulu wake pa foni lero, zaka 20 zikubwerazi adzatsegula chiyani? Ine ndimaona kuti kumeneku n'kulanda anthu zinthu zawo, ndipo tikuzolowera msanga kwambiri.

Tibwerere ku kadi ija

Choyamba ndi magetsi. Tembenuzani makinawo muwerenge chizindikiro chakumbuyo, pali nambala yoyamba ndi SCPH. Ikathera ndi 3 kapena 4 ndi ya ku Britain kapena ku Ulaya, ndipo imagwirizana ndi magetsi athu a 230V. Ikathera ndi 1 ndi ya ku America, 0 ndi ya ku Japan, ndipo PS2 ya mtundu waukulu ya maiko amenewa imafuna 100 mpaka 120V basi. Mukaibaya kukhoma popanda thiransifoma imapsa nthawi yomweyo. Yopyapyala ya SCPH-70000 ili ndi adaputala yakunja ya 8.5V, werengani zolembedwa pa adaputalayo, osangotenga ina iliyonse yolowa pabowo. Ntchito yonseyi ichitike pa nthawi imene magetsi sazimazima, kapena pa UPS (kachipangizo kosunga magetsi) kaya inveta, chifukwa magetsi akathima makina ali m'kati molemba pa kadi, fayilo imawonongeka.

Kadi ya PS2 ilibe batire m'kati, ndiye musaope kuti yafa chifukwa chokhalitsa m'kabati monga zimachitikira ndi makatiriji akale a Pokémon Gold pa Game Boy. Chimene chimavuta ndi litsiro pa timizere tachitsulo ta kutsogolo. Pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol, amene okonza mafoni amakhala naye, mudikire mphindi 10 kuti kaume. Osapaka malovu, osapala ndi mpeni.

Pezani kadi yachiwiri, ndipo ikhale ya Sony yeniyeni ya 8MB yolembedwa MagicGate. Zija zolembedwa 32MB kapena 64MB si za Sony, ndipo zimadziwika ndi kutaya mafayilo mwadzidzidzi. Makina ali chizimire, lowetsani ya malemu pa bowo loyamba, yatsopano pa lachiwiri. Chotsani disiki, yatsani, sankhani Browser, kenako kadi yoyamba. Ngati makina anena kuti kadiyo ndi unformatted n'kufunsa ngati mukufuna kuikonza, yankhani No. Mukavomera, zonse zapita. Zimitsani, pukutaninso, yesani bowo lina kapena makina ena. Ikatseguka muona tizithunzi ta mafayilo. Sankhani kamodzi, dinani X, sankhani Copy, lozani kadi yachiwiri. Samalani chala, poti Delete ili pafupi pomwepo. Koperani mafayilo onse a PES 6, osati la Master League lokha, chifukwa maina ndi mayunifomu amene akulu anu anakonza ali m'fayilo ina yotchedwa Option File. Mukaisiya, timu ikhoza kutseguka koma zambiri zimene anakonza sizioneka.

Kadi ziwiri m'nyumba imodzi sizokwanira, mbala kapena madzi zimatenga zonse pamodzi. Funsani okonza magemu ngati ali ndi kadi ya Free McBoot, imene imakhala ndi pulogalamu ya uLaunchELF yokoperera mafayilo a pa kadi kupita pa flash. Yawoyo ilowe pa bowo loyamba, kope lanu lija pa lachiwiri, ndi flash ya FAT32 pa USB. Mu FileBrowser ya pulogalamuyo, mc1 ndiye bowo lachiwiri ndipo mass ndiye flash. Mafoda a gemu ya ku Ulaya amayamba ndi BESLES. Dinani R1 musankhe Copy, pitani ku mass, R1 kachiwiri, musankhe psuPaste. Mupeza mafayilo othera ndi .psu, aang'ono kwambiri moti mukhoza kudzitumizira pa imelo. Khalani pomwepo ntchito ikuchitika, ndipo musalole aliyense kuika Free McBoot pa kadi ya malemu. Makina ena omalizira a SCPH-90000 amakana Free McBoot. Zikatero bwerekani akale. Mafayilo amenewa amalowanso mu PCSX2, pulogalamu yoseweretsa magemu a PS2 pa kompyuta, pogwiritsa ntchito kachida kotchedwa mymc, ndiye ngakhale diso la makinawo litafa n'kuyamba kulemba Disc Read Error, timuyo ikhalapobe. Disikiyonso muisunge, chifukwa fayilo ya gemu ya ku Ulaya, ya nambala yoyamba ndi SLES, siwerengeka ndi disiki ya ku America ya SLUS.

Zikatha zimenezi, kadi ya malemu muilembe dzina, muikulunge m'kapepala ka pulasitiki, muiike pouma ndi posatentha, ndipo isalowenso m'makina pamene muli disiki. Kusewera muzisewera pa kope, lili pa bowo loyamba. Pitirizani nyengo imene anaisiya, gulani osewera, gonjani, palibe cholakwa, poti choyambirira chili pabwino. Ngati mtima sunakonzeke, ingotsegulani mndandanda wa timu muuone n'kuzimitsa.

Chinthu chimodzi muchite musanakopere chilichonse. Mu Browser muja, mukasankha kachithunzi ka Master League, makina amaonetsa kukula kwa fayilo, tsiku ndi nthawi imene inasungidwa komaliza. Ngati kabatire ka wotchi ka CR2032 m'kati mwa makina kanali katatha kale, mwina muona chaka cha 2000, chimene chilibe tanthauzo. Koma ngati kanali kamoyo, limenelo ndi tsiku ndi ola limene akulu anu anasewera mpira wawo womaliza. Jambulani ndi foni musanadine batani lina lililonse.