Nthochi ya m'chidebe m'dziko lozizira

Achemwali, mwafunsa ngati nthochi ingakule m'chidebe kuno ku Britain, komanso chifukwa chake masamba a yanu ada ndi kulendewera. Imakula ndithu. Masambawo awotchedwa ndi chisanu. Finyani tsinde pansi penipeni: ngati ndi lolimba, mbewuyo ili moyo, dulani masamba akufawo basi. Likakhala lofewa ndi lonunkha, yawola.

Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 14, nthochi imasiya kukula. Ine yanga ndimailowetsa m'nyumba mu Okutobala, pafupi ndi windo lowala, n'kuitulutsa kumapeto kwa Meyi. Ikakhala m'nyumbamo ndi pomwe ambiri timalakwitsa: timathirira ngati tili ku Thyolo. Yoyamba ndinaipha choncho, mizu inachita kusungunuka m'manja, ndipo zinandiwawa. M'nyengo yozizira pisani chala m'dothi, muthirire pokhapokha lauma. Nthawi yotentha imamwa kwambiri, ndipo imafuna feteleza wamadzi sabata iliyonse.

Chidebe chikhale cha malita 40 kapena kuposerapo, chobooka pansi.

Mtundu wake, ndikulangizani Dwarf Cavendish, poti ndi yaifupi. Mtunduwu unaleredwa konkuno, m'nyumba yagalasi ku Chatsworth, cha m'ma 1830. Nthochi ina yotchedwa Musa basjoo imapirira chisanu, koma zipatso zake sizidyedwa.

Za mkoko musaikepo mtima kwambiri, popanda nyumba yagalasi yofunda umavuta kubwera. Koma masamba mudzapeza okwanira kukulungira mkate wanthochi. Muzisuzumiranso kunsi kwa masamba, tiakangaude tofiira timakonda mpweya wouma wa m'nyumba; pukutani ndi kansalu konyowa.