Anandibatiza m'dzina la Yesu lokha, ndibatizidwenso?

Achemwali ena anditumizira imelo, akuti anabatizidwa ali ndi zaka 16 mumpingo wina wa chipentekoste, abusa powamiza m'madzi anangoti "ndikukubatiza m'dzina la Yesu Khristu" basi. Pano akulowa Katolika poti ndi komwe akukwatiwa, ndiye bambo mfumu awauza kuti abatizidwe. Funso lawo ndi loti, ndiye kuti zaka zonsezi sindinali mkhristu?

Achemwali ndakumvani, zimapweteka mtima zimenezi. Koma mkanganowu sunayambire pa inu. Pa Mateyu 28:19 Yesu akuti batizani m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, pomwe pa Machitidwe 2:38 Petulo akuti batizidwani m'dzina la Yesu Khristu. Mu 1913 pamsonkhano wa ku Arroyo Seco kufupi ndi Los Angeles, mlaliki R.E. McAlister ananena kuti atumwi ankabatiza m'dzina la Yesu, ena anaigwira nkhaniyo nkuyamba kubatizanso anzawo mpaka mu 1916 Assemblies of God inagawanika. Ndipo vuto lenileni lagona apa, ambiri a gulu lobatiza m'dzina la Yesu lokhali sanangosintha mawu ayi, amakana Utatu Woyera, amati Atate, Mwana ndi Mzimu ndi maudindo chabe a Mulungu mmodzi yemwe dzina lake ndi Yesu. Ndiye bambo mfumuwo sakukayikira mtima wanu, akuyang'ana mawu omwe ananenedwa pamadzipo komanso chikhulupiriro chomwe chili kumbuyo kwake.

Komanso dziwani kuti Katolika sinyengerera ngakhale ansembe ake omwe. Mu 2020 Vatican inalamula kuti mawu oti "tikukubatiza" m'malo mwa "ndikukubatiza" si ubatizo, chifukwa wobatiza ndi Khristu kudzera mwa mtumiki wake osati gulu la anthu omwe abwera. Wansembe wa ku Detroit ku America, Matthew Hood, anali ataonera vidiyo ya ubatizo wake wa mu 1990 nkumva dikoni akuti "tikukubatiza", tangoganizani munthu woti wakhala akuchita Misa, anabatizidwa ndi kudzozedwa unsembe mwatsopano mu Ogasiti 2020. Ine pa "ti" ndi "ndi" pamandivuta kunena zoona, poti a Orthodox, mipingo yakale ya kum'mawa, amati "mtumiki wa Mulungu akubatizidwa" ndipo Katolika imavomereza bwinobwino. Koma pa mayina atatuwo ndili mbali ya Mateyu, ndi mawu a Ambuye mwini, ndipo Didache, kabuku kakale kwambiri ka mpingo woyamba, kamalamula zomwezo.

Werengani Machitidwe 19 musanakumanenso ndi bambo mfumu. Paulo anapeza ophunzira ku Efeso omwe analandira ubatizo wa Yohane wokha, sanawakalipire kapena kuwatenga ngati achikunja, anawafotokozera nkuwabatiza. Ine ndikadakhala inu ndikadavomera, koma osati chifukwa cha ukwati chabe, muyambe mwadzifunsa ngati Utatu Woyera mukuukhulupiriradi, ndipo ngati pali pomwe mukukayika awuzeni bambo mfumuwo mosabisa tsiku lisanafike.