Nsomba zanga zikufa m'thanki latsopano, ndalakwitsa pati?

FUNSO

Akonzi, ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Moatize. Mwezi watha ndinagula thanki lagalasi la malita 20, limene kuno timalitchula kuti aquário, pamodzi ndi nsomba 8 zokongoletsa m'nyumba. Ndinathira madzi apampopi n'kuikamo nsombazo tsiku lomwelo, ndipo ana ankazidyetsa m'mawa, masana ndi madzulo. Pasanathe milungu iwiri nsomba 5 zinali zitafa, chonsecho madzi ankaoneka oyera. Amene anandigulitsa akuti vuto ndi kutentha kwa kuno. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambirenso bwanji?

Wowerenga wa ku Moatize

YANKHO

Pepani bambo, ndipo ana muwapepese. Kutentha kungakhale kunathandizira, koma mmene mwafotokozeramu, chimene chinapha nsomba zanu n'chakuti munaziika m'thanki limene linali lisanakhwime.

Nsomba ikamapuma komanso ikachita chimbudzi imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikamaola pansi chimawonjezera amoniya yemweyo. Mumtsinje wa Revúbuè kapena wa Zambezi poizoni ameneyu amapita ndi madzi, koma m'galasi alibe kolowera, ndiponso saoneka ndi maso, n'chifukwa chake madzi anu ankaoneka oyera nsomba zikutha. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya abwino omwe amamera pamiyala ndi m'siponji ya m'sefa, kachipangizo kosefa madzi a m'thanki. Gulu lina la mabakiteriyawa limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi wakupha, kenako gulu lachiwiri limasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, yemwe nsomba zimamupirira malinga ngati sanachuluke. Kuti mabakiteriyawa akwane pamatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyi thanki liyenera kukhala lopanda nsomba, sefa ikugwira ntchito usana ndi usiku, inu mukungoponyamo kachakudya kochepa tsiku lililonse kuti kaole n'kudyetsa mabakiteriyawo. Ngati muli ndi mnzanu amene thanki lake lakhalitsa ndipo nsomba zake sizikudwala, mupempheni miyala pang'ono kapena chidutswa cha siponji ya m'sefa yake, chifukwa zimenezi zimafupikitsa nthawi yodikira. Siponjiyo musadzaitsuke ndi madzi apampopi. Muzingoifinya m'madzi amene mwachotsa m'thanki momwemo.

Anthu ambiri amayamba ndi kathanki kakang'ono poganiza kuti n'kosavuta, pamene kathanki kotereka ndi kamene kamavuta kwambiri, popeza madzi ochepa amaipa msanga ndiponso amatentha msanga. Mukapeza ndalama, gulani la masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, limene limalowa malita 54. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mukaphatikiza miyala ndi galasi katunduyo amapitirira makilogalamu 60, ndipo amafuna tebulo lolimba, losapendekeka, lotalikirana ndi zenera lolowa dzuwa.

Madzi apampopi amathiridwa kulorini, amene amapha nsomba pamodzi ndi mabakiteriya aja. Atungireni m'ndowa yosavundikira agone tsiku lathunthu, kapena mugule madontho ochotsa kulorini kwa ogulitsa nsomba. Ndowayo ikhale ya ntchito imeneyi basi, ndipo sopo asadzaikhudze.

Pa nkhani ya kutentha wogulitsa uja sananame kotheratu. Nsomba zambiri zoweta m'nyumba zimasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28, pamene ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndipo mukaona nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula, dziwani kuti zikubanika. Tsegulani chivundikiro, lozetsani fani pamwamba pa madzi, ndipo pampu ya mpweya isazime. Kapampu koyendera mabatire n'kofunika kukhala nako pafupi kuchitira tsiku limene magetsi azima. Madzi a m'firiji musathire mwadzidzidzi, chifukwa kusintha kofulumira kumazidwalitsa kuposa kutentha komweko. Owerenga athu a ku Ulongwe ndi ku Tsangano vuto lawo ndi lina: kumapiri kumeneko mu Juni ndi Julayi madzi amazizira moti pamafunika chotenthetsera.

Posankha nsomba, yambani ndi guppy kapena platy, zimene ndi zazing'ono, zopirira, ndipo zimabereka ana amoyo m'thanki momwemo, zomwe ana anu angakondwe nazo kwambiri. Goldfish ine sindingakulangizeni ngakhale imakopa maso, chifukwa imakonda madzi ozizira, imadetsa madzi kwambiri, ndipo imatha kukula kufika masentimita 20. Mbuna za m'nyanja ya Niassa, zimene alimi a nsomba zokongoletsa ku Ulaya amazikhumbira, n'zokongola zedi, koma n'zandewu ndipo zimafuna thanki lalikulu lodzaza miyala yobisalamo, choncho muzisungire mtsogolo. Thanki likakhwima ikani nsomba zitatu kapena zinayi zokha, zina muzidzawonjezera pakapita milungu iwiri, ndipo thumba limene zabweramo liyambe layandama m'thankimo mphindi 15 mpaka 20 musanazitulutse.

Kudyetsa katatu kuja kulekeke. Kamodzi patsiku n'kokwanira, ndipo chakudyacho chikhale chimene zingamalize m'mphindi ziwiri. Ndikudziwa kuti mwana akaona nsomba ikumuthamangira pagalasi amaganiza kuti ili ndi njala, choncho ndi bwino kusinthana masiku, mwana mmodzi patsiku, botolo lachakudya n'kumasunga inuyo. Nyenyeswa za nsima ndi buledi zisalowemo. Mlungu uliwonse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, mukukoka ndi kapaipi zonyansa za pansi, n'kubwezeramo madzi ogona aja.

Nsomba zitatu zatsalazo musazitaye mumtsinje, chifukwa nsomba zachilendo zimatha kufalitsa matenda ndi kusokoneza zam'deralo. Ngakhale thankilo silinakhwime, zisiyeni momwemo, musawonjezere zina, muzizidyetsa pang'ono kamodzi pa masiku awiri, ndipo masiku awiri alionse muzisintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi mpaka mwezi utatha. Mukatero mutilemberenso kuti timve mmene zikuchitira.