Mbewa za ku labu, majini ndi amyloid: ndinene bwanji pa wailesi?

Funso: Ndimakonza pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi ya m'dera kwathu. Ndili ndi nkhani ya mbewa zomwe asayansi anazisintha pofufuza amyloid wa mu kapamba pa matenda a shuga. Ndinene kuti "mbewa zosinthidwa majini"? Nanga amyloid-yo m'Chichewa nchiyani?

Yankho: Achemwali, mawu oti majiniwo pa wailesi asiyeni kaye. M'kalasi ya sayansi amamveka, koma gogo akumva kumudzi aganiza za mizimu yoipa ija anthu amakatulutsa kumapemphero, nde nkhani yonse yasokonekera pomwepo. Nenani "zosinthidwa chibadwa". Komanso muzinena "mbewa za ku labu", osangoti mbewa basi, apo ayi anthu aziona zapakamtengo zija amagulitsa mumsewu wa M1. Akakhala makoswe munene makoswe, nawonso alipo osinthidwa.

Amyloid musavutike kumufunira dzina, msiyeni choncho koma mufotokoze. Dzinali linachokera ku mawu otanthauza sitalichi, koma chonde musanene sitalichi, odwala shuga ayesa mukukamba za nsima. Amyloid ndi puloteni yomwe yaundana. Maselo a mu kapamba amene amapanga insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, amatulutsanso kahomoni kena kotchedwa amylin, kanadziwika cha mu 1987, ndipo mwa anthu ambiri odwala shuga wa mtundu wachiwiri kameneka kamamatana nkuunjikana ngati chikoko cha mu ketulo, maselo aja nkumafa. Tsono amylin wa mbewa samatana ayi, ali ndi kachigawo ka puloteni kotchedwa proline malo atatu amene amalepheretsa zimenezi, nchifukwa chake asayansi amaika mwa mbewazo malangizo a chibadwa a munthu kuti zizipanga amylin wathu, ndipo akazinenepetsa ndi chakudya chamafuta amyloid uja amaonekadi. Ichichi chokha musachidumphe, popanda icho womvera angoti anthuwa akuzunza tinyama pachabe.

Kapamba ndiye amandidetsa nkhawa. Ambiri akamva kapamba amaganiza za uja amatupa kumanzere mwana akadwala malungo, pomwe inu mukunena chiwalo china cha kuseri kwa chifu. Nde koyamba munene "kapamba amene amapanga insulin", kenako muzingoti kapamba. Chiganizo chanu chikhale chonchi: asayansi anasintha chibadwa cha mbewa za ku labu kuti aone mmene puloteni youndana imawonongera maselo opanga insulin.