Spectral index ya -1.8 musaikondwerere musanaone chithunzi chake

Achemwali, imani kaye. Ndikuyankha zimene mwalemba za ma radio source anu (zinthu za kuthambo zotulutsa mafunde a radio) ndi spectral index yawo, nambala yoonetsa mmene kuwala kwawo kumasinthira frequency ikamakwera. Ma source anuwo amene akutuluka -1.8 mutaphatikiza TGSS ndi FIRST (ma survey awiri ojambula thambo pa mafunde a radio), musawalembe kuti ndi milalang'amba yakutali kwambiri musanaone zithunzi zawo, ngakhale a supavaiza akukukakamizani. Ndawerenga zimene mwalembazi mtima uli thi thi thi, chifukwa zimenezi zinandigwera ine ndikuchita masters ku South Africa.

Amene ankandiyang'anira tsiku ndi tsiku sanali pulofesa mwini wake ayi, anali postdoc wina. Iyeyo ndiye anandipatsa script yake, amvekere yakhala ikugwira ntchito zaka zambiri, usaigwiregwire. Script ija inkatenga source ya mu TGSS, nkusaka ya FIRST imene yayandikira, kenako nkutola kanthu kalikonse kowala ka mu SDSS (survey yojambula thambo pa kuwala kooneka ndi maso) kamene kali pafupi, basi mwini wa radio source wapezeka. Ndinamufunsa kuti TGSS imaona pa 150 MHz ndi resolution ya ma arcsec 25 (kukula kwa pa thambo kwa kanthu kakang'onetsetsa kamene imatha kusiyanitsa), FIRST pa 1.4 GHz ndi ma arcsec 5, nanga ziwirizi tizigawa bwanji ngati zayeza chinthu chimodzi? Anandiyankha kuti mafunso amenewo ndidzafunse ndikadzakhala ndi PhD.

Chonsecho nkhani inali pomwepo. Ma dish a telesikopu ya radio akatalikirana kwambiri amaona tinthu tating'ono bwinobwino, koma kuwala kofalikira kumawadutsa osakuona. Ndiye FIRST imangotola kadontho kowala kwambiri (hotspot), pamene TGSS yayeza lobe yonse, mtambo wonse wa kuwala kwa radio umene uli pambali pa mlalang'amba. Flux (kuchuluka kwa kuwala koyezedwa) ya pa 1.4 GHz ikachepa chonchi, index imagwa yokha. Synchrotron wamba, kuwala kwa radio kochokera ku ma electron othamanga mu magnetic field, amakhala cha m'ma -0.7, ndipo anthu osaka milalang'amba ya redshift yaikulu (ndiye kuti yakutali kwambiri) amathamangira zimene zatsika kupitirira -1.3. Yanga ina inatuluka -1.6, pambali pake pali kadontho kozimiririka mu SDSS. Postdoc uja anasangalala, mpaka anayamba kulemba proposal yopempha nthawi pa SALT, telesikopu yaikulu ya ku South Africa, dzina lake patsogolo.

Tsiku lina kunabwera mlendo, mayi wachikulire wochokera ku Ulaya, ndipo ndinauzidwa kuti ndionetse ntchito yanga pamaso pa gulu lonse. Nditafika pa slide ya source ija, mayiyo anakweza dzanja mofatsa nkunena kuti tiikireni ma contour (mizere yoonetsa mphamvu ya kuwala) a NVSS, survey ina ya pa 1.4 GHz, pamwamba pa chithunzi cha SDSS, ndipo mukulitse dera lifike ma arcmin asanu. Manja ankanjenjemera moti mouse inkandipulumuka. M'chipindamo munali zii, kumangomveka air con. Chithunzi chitatuluka pa khoma, aliyense anaona: lobe kuno, lobe uko, pakati pawo mlalang'amba waukulu wa elliptical ukuwala mbee, wapafupi ndithu, redshift yake yoyezedwa kale mu SDSS. Kadontho kanga kaja kanangopezeka pamenepo mwangozi, kalibe ubale uliwonse ndi radio source. Zili ngati munthu wanyamula zigubu ziwiri, dzanja ili chigubu, dzanja ili chigubu, inu nkumaloza wodutsa m'njira amene wayandikira chigubu chimodzi kuti ndiye mwini wake. Titagwiritsa ntchito NVSS, imene resolution yake ndi ma arcsec 45 ndipo imatola kuwala kofalikirako, index inabwerera cha m'ma -0.8.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si chithunzicho. Postdoc uja anatembenukira kwa mlendo nkunena kuti ndinamuuza mwanayu kuti aone source iliyonse ndi maso koma sanamve. Bodza lamkunkhuniza, pamaso panga! Pulofesa wathu anangoweramira pa foni. Ine kukamwa kunauma gwa, chifukwa kalata yowonjezera study permit yanga inkayenera kusainidwa ndi anthu omwewo, bursary nayonso chimodzimodzi. Ndinakalirira ku toilet, nkusamba kumaso, nkubwerera kukamwa nawo tiyi. Mayi aja ndi amene ananditsatira panja nkundiuza kuti funso langa la resolution linali lolondola, nditangowafotokozera. Postdoc uja sanapepesepo, ndipo script yomweyo anaipatsanso wophunzira amene anabwera pambuyo panga. Anthu oterewa amadalira kuti wophunzira wochokera dziko lina sangayankhe.

Ndipotu vutoli ndi lakale ngati radio astronomy yomwe. Cygnus A, radio source yowala kwambiri, akatswiri a zakuthambo Baade ndi Minkowski anaipezera mlalang'amba wake pokhapokha Graham Smith wa ku Cambridge atayeza malo ake molondola mu 1951, ndipo mu 1953 Jennison ndi Das Gupta anaonetsa kuti mafunde ake akuchokera mbali ziwiri, mlalang'amba uli pakati. Radio source ina, 3C 273, nayo Cyril Hazard ndi anzake anachita kudikira mwezi kuti uiphimbe mu 1962, akuonera pa telesikopu ya Parkes ku Australia, kuti adziwe pamene ili penipeni. Apo mpamene Maarten Schmidt anatenga spectrum yake ku Palomar nkupeza redshift ya 0.158 mu 1963, quasar (pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wakutali) nkudziwika. Anthu amenewo ankavutikira source imodzi miyezi, ife tikupatsidwa script yoti chapafupi ndiye chomwecho.

Ndiye inu chitani izi. Index muwerengere pa ma survey a resolution yoyandikana, TGSS ndi NVSS, kapena muchite smooth chithunzi chakuthwacho kuti chifanane ndi chinzake musanayeze flux. FIRST muisungire ntchito yopezera malo a core (kadontho ka pakati pamene pali mlalang'amba weniweniwo), pamenepo ndi katswiri. Onaninso WISE, survey ya infrared, chifukwa milalang'amba yambiri yosaoneka bwino mu SDSS imatulukira mu infrared. Ngati mudzagwiritse deta ya MeerKAT (telesikopu ya radio ya ku South Africa), index ya mkati mwa band imodzi musaikhulupirire pa source yofooka, phokoso limaipotoza. Ndipo chilichonse chimene a supavaiza kapena postdoc akuuzani, muwatumizire email yobwereza mawu awo kuti umboni ukhalepo.

Komabe musakangane nawo, chonde. Ngati aumirira kuti mugwiritse script yawo, igwiritseni, mumalize, mutenge pepala lanu. Ma source masauzande simungawaone onse ndi maso, mungakalambire pa kompyuta. Njira ya likelihood ratio ya Sutherland ndi Saunders ya 1992, yowerengera mwayi woti kadontho kapafupi ndi mwini wake weniweni wa source, imathandiza pa ma source ang'onoang'ono a kadontho kamodzi, ngakhale pa a ma lobe awiri nayonso imasochera. Ingoonani ndi maso okhawo amene atsika kupitirira -1.3, ndi amene ali ndi mnzawo wa flux yofanana pafupi. Nditumizireni ma coordinate a awiri kapena atatu ku inbox, ndiwaikira ma contour a NVSS madzulo ano ndikaweruka.